Inshuwalansi imalipira zimene zinalembedwa: zofunika kudziwa musanasaine

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chimene chinagwa m'dziko muno la Zambia ndi tsoka la dziko lonse. Pa mahekitala pafupifupi 2.2 miliyoni a chimanga amene anabzalidwa nyengo imeneyo, pafupifupi miliyoni imodzi inapserera m'munda. Kuno Kum'mawa sitinachite kumva pa wailesi. Tinaona ndi maso chimanga chikuuma chisanabereke. Miyezi yotsatira, m'misonkhano ya makopaletivi munamveka funso limodzi: paja amati tili pa inshuwalansi, nanga n'chifukwa chiyani a dera lina alandira koma ife ayi, pamene tonse nkhokwe zili mbee?

Funso limeneli ndi lomveka, ndipo yankho lake likukhudza inshuwalansi ya mtundu uliwonse, kaya ya galimoto, ya maliro kapena ya sitolo. Kampani ya inshuwalansi siyang'ana kukula kwa chisoni chanu. Siyang'ananso zimene ejenti anakuuzani pakamwa tsiku limene ankakulembetsani. Imatsegula pepala la mgwirizano n'kuona ngati chimene chakugweranicho chinalembedwamo.

Kwathu kuno kuthandizana pa tsoka si kwachilendo. Maliro akagwa m'mudzi, wina amabwera ndi ufa, wina nkhuni, wina nkhuku, ndipo banja limodzi silisenza lokha katundu yense. Inshuwalansi imayenda pa nzeru yomweyo: anthu ambiri amasonkha pang'onopang'ono kuti ochepa amene tsoka liwagwere chaka chimenecho athandizidwe. Koma pamaliro chimene chimasonkhanitsa anthu ndi ubale, ndipo palibe amene amafunsa risiti. Ku inshuwalansi ubale kulibe. Osonkhawo sadziwana, wina ali ku Lundazi wina ku Livingstone, choncho chimene chimawamanga pamodzi ndi mgwirizano wolembedwa basi. Apa m'pamene ambiri timapunthwa, chifukwa timalowa ndi mtima wa kumudzi m'chinthu choyendera malamulo a pa pepala.

Woyang'anira makampaniwa ndani

Kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mpaka cha m'ma 1991, inshuwalansi ya m'Zambia inali m'manja mwa kampani imodzi ya boma, ZSIC, imene inakhazikitsidwa mu 1968. Msika utatsegulidwa, makampani anachuluka, ndipo panafunika wowayang'anira. Ntchitoyi ili ndi bungwe la Pensions and Insurance Authority, limene ambiri amangoti PIA. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996 lokhudza mapenshoni, likulu lake lili ku Lusaka, ndipo pa za inshuwalansi likutsata lamulo la Insurance Act la mu 2021, limene linalowa m'malo mwa la mu 1997.

PIA ndiyo imapereka laisensi kwa makampani a inshuwalansi, kwa ma broker ndi kwa maejenti, ndipo imafalitsa mndandanda wa amene ali ndi laisensi. Imaonanso ngati kampani ili ndi chuma chokwanira kulipira anthu tsoka likagwa, ndiponso imalandira madandaulo. Langizo lake loyamba ndi losavuta kumva koma ambiri timalidumpha: musapereke ndalama kwa munthu kapena kampani imene ilibe laisensi. Mukatero, tsiku la mavuto palibe kampani yoti igwidwe pamkono.

Ejenti ndi broker si munthu mmodzi. Ejenti amaimira kampani ndipo amagulitsa za kampaniyo. Broker amayenera kuimira inu, kukufunirani pabwino pakati pa makampani angapo. Onse awiri amapeza komishoni mukagula. Kulandira komishoni si kulakwa, ndi ntchito yawo, koma muzikumbukira kuti munthu amene akukufotokozeraniyo amapindula mukasaina. Ndalama perekani ku akaunti ya kampani kapena ku nambala ya kampani, osati ku nambala ya foni ya ejenti, ndipo risiti ikhale ndi dzina la kampaniyo.

Dziwaninso kuti NHIMA, ya inshuwalansi ya zaumoyo, imene inabwera ndi lamulo la mu 2018 ndipo imadula 1 peresenti ya malipiro kwa wantchito ndi 1 peresenti kwa womulemba ntchito, ndi bungwe lina la boma lokhala ndi njira zakezake zodandaulira. Chimodzimodzinso NAPSA, bungwe la mapenshoni. Vuto la kuchipatala lokhudza NHIMA limayambira ku NHIMA komweko.

Za m'munda

Tibwerere ku funso la alimi lija. Kuyambira nyengo ya ulimi ya 2017/2018, boma linaphatikiza inshuwalansi mu pulogalamu ya FISP, yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu, moti mlimi amene wapereka K400 yake amakhala walowamo ngakhale sanaonepo pepala lililonse. Inshuwalansi imeneyi si yofanana ndi ya galimoto, imene munthu amabwera kudzaona chimene chawonongeka. Palibe kampani imene ingayendere munda uliwonse kuchokera ku Nyimba mpaka ku Vubwi. Ikanati itero, mtengo wake mlimi wamng'ono sakanaukwanitsa.

Choncho amagwiritsa ntchito muyeso wa dera lonse. Njira ina ndi yoyeza mvula, kawirikawiri kudzera pa setilaiti. Amagwirizana pasadakhale kuti mvula ikachepa kufika pakuti m'masiku akuti, kapena ikapitirira muyeso wakuti, alimi onse a dera limenelo alandira. Njira ina ndi yoyeza zokolola: amasankha minda ingapo m'dera, n'kupima zimene zatuluka, ndipo zikatsika kuyerekeza ndi zimene deralo limakolola nthawi zonse, onse olembetsa amalandira.

Ubwino wake ndi woti mlimi safunika kulemba kalata kapena kuitana munthu kumunda. Kuipa kwake n'kumene kunapweteka anthu. Mvula ya kuno imatha kugwa tsidya lino la phiri tsidya linalo osadontha n'komwe. Ngati muyeso wa dera lanu ukuonetsa kuti mvula inakwanira, inu simulandira ngakhale munda wanu utauma wonse. Mnzanu wa dera loyandikana nalo, amene mwina anakololako pang'ono, akhoza kulandira. Ndipo ngati mgwirizano ndi wa mvula yokha, mbozi zija zinayamba kuvuta chakumapeto kwa 2016 zikadya chimanga, kapena njovu zikalowa m'munda ku Mambwe, palibe malipiro. Ngakhale pamene malipiro abwera, amawerengedwa potengera mtengo wa zipangizo zimene zinatetezedwa, feteleza ndi mbewu, osati matumba onse amene munkayembekezera.

Ine ndimaona kuti apa mlimi amalakwiridwa, osati chifukwa njirayo ndi yachinyengo, koma chifukwa safotokozeredwa. Munthu amene wapereka ndalama ali ndi ufulu wodziwa dzina la kampani imene yateteza dera lake chaka chimenecho, chimene chikuyezedwa, masiku amene chitetezo chikuyamba ndi kutha, ndiponso njira imene malipiro adzafikire. Mafunso amenewa afunsidwe kwa alangizi a zaulimi pa msonkhano wa kopaletivi mvula isanagwe, ndipo mlembi alembe mayankho m'buku. Alimi a thonje ndi fodya amene amatenga zipangizo pa ngongole afunsenso ngati m'ngongolemo muli inshuwalansi, chifukwa nthawi zina malipiro amapita kwa wokongoza kukachepetsa ngongole, osati m'thumba la mlimi. Chinanso chaching'ono koma chimagwetsa ambiri: nambala ya foni imene munalembetsa. Ngati inali ya mwana wanu amene anasamukira ku Kitwe, kapena SIM inatayika, uthenga wa malipiro udzapita kumene inu kulibe.

Za pamsewu

Lamulo la Road Traffic Act la mu 2002 limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi ya third party, ndipo a RTSA, bungwe loona za pamsewu, sapereka road tax popanda iyo. Njinga zamoto, zimene zachuluka kwambiri m'Chipata, ku Katete ndi ku Petauke, nazonso zili m'lamulo lomweli. Madalaivala ambiri amaigula ngati chiphaso chodutsira pa rodibuloko, osadziwa chimene agula.

Third party siteteza galimoto yanu. Imalipira munthu wina amene inu mwamuvulaza, mwamupha kapena mwamuwonongera katundu. Mukagubuduzika nokha m'mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, galimoto n'kuphwanyika, kampani siikonza. Ndiponso malipiro ake ali ndi malire amene amalembedwa pa pepala lanu. Mukagunda galimoto yodula ndipo kukonza kwake kwapitirira malirewo, yotsalayo ndi ngongole yanu. Malirewo amatheka kukwezedwa mukawonjezera ndalama pang'ono, koma maejenti ambiri satchula zimenezi ngati simunafunse.

Comprehensive ndiyo imateteza galimoto yanu komanso anthu ena. Nayo ili ndi mbali imene imadabwitsa anthu, yotchedwa excess, ndalama imene mwini amadzilipirira pa ngozi iliyonse. Tiyerekeze kuti kukonza kwakwana K20,000 ndipo excess yanu ndi K3,000. Kampani ipereka K17,000. Kuwonongeka kukakhala kwa K2,500, kampani sipereka kanthu, ndipo sikuti yakuberani. Galimoto ikatheratu, amalipira mtengo umene ikanagulidwa pa msika tsiku la ngoziyo, osati umene munagulira zaka zisanu zapitazo.

Chimene chimagwetsa ambiri kuno ndi kagwiritsidwe ntchito. Munthu amalembetsa galimoto kuti ndi yoyendera pa banja chifukwa mtengo wake ndi wotsika, kenako n'kumanyamula anthu olipira kuchokera ku Kapata kupita ku Mwami. Wina lole yake inalembedwa kuti ndi ya katundu, koma tsiku la Nc'wala kapena la Kulamba imadzaza anthu kumbuyo kupita ku Mtenguleni kapena ku Mkaika. Ngozi ikachitika, kampani imafunsa kuti galimotoyo inali pa ntchito yanji, woyendetsa anali ndi laisensi yoyenera kapena ayi, anali atamwa kapena ayi, ndipo inanyamula anthu angati. Yankho limodzi lolakwika ndi lokwanira kuti mwini atsale yekha ndi mlandu wa anthu ovulala. Wa njinga yamoto wonyamula anthu afunse mwachindunji ngati pepala lake likuteteza munthu wokwera kumbuyo.

Ngozi ikachitika, pitani kupolisi ndipo mutenge lipoti. Jambulani zithunzi magalimoto asanasunthidwe ngati n'kotheka, lembani manambala a mboni, ndipo dziwitsani kampani msanga, chifukwa mgwirizano uliwonse umaika nthawi yochitira zimenezi. Musayambe kukonza galimoto woyeza wa kampani asanaione. Musavomere mlandu pamsewu kapena kulonjeza kulipira, ngakhale mtima ukukuuzani kuti munalakwa ndinu, chifukwa migwirizano yambiri imaletsa zimenezo. Kupepesa ndi kuthamangira ndi wovulala kuchipatala ndi umunthu ndipo palibe amene amaletsa. Chimene chimaletsedwa ndi kumanga pangano la ndalama kampani isakudziwa.

Pali mbali ina imene imandiwawa kwambiri, ya anthu ogundidwa. M'mbali mwa Great East Road muli midzi, masukulu ndi misika, ndipo oyenda pansi ndi apanjinga amagundidwa. Kawirikawiri mwini galimoto amabwera ndi thumba la ufa ndi ndalama ya bokosi, abale n'kulandira, nkhani n'kuthera pomwepo. Banjalo silidziwa kuti inshuwalansi ya third party inakhazikitsidwira iwowo. Munthu wovulala, kapena banja la womwalira, angathe kukapempha malipiro ku kampani imene inateteza galimotoyo. Chofunika ndi nambala ya galimoto, lipoti la apolisi, lipoti la kuchipatala, malisiti a zimene zagwiritsidwa ntchito, ndiponso chikalata cha imfa ngati munthu wamwalira. Atsibweni kapena aliyense amene akuyendetsa nkhani asasaine pepala lonena kuti nkhani yatha asanadziwe dzina la kampaniyo.

Owoloka malire a Mwami kupita ku Mchinji ndi ku Lilongwe adziwe kuti third party ya kuno imathera pamalire. Yellow Card ya COMESA, imene imagulidwa ku makampani a inshuwalansi a kuno komweko, ndiyo imagwira ntchito m'Malawi ndi m'maiko ena amene ali m'dongosololi.

Maliro, moyo ndi ngongole

Inshuwalansi ya maliro ndiyo yafika m'nyumba zambiri, makamaka za aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amene amadulidwa pa payslip, komanso kudzera pa foni. Ili ndi misampha itatu imene si yobisika, yangokhala yosawerengedwa.

Woyamba ndi nthawi yodikira. Mukalembetsa lero, imfa ya matenda siyamba kutetezedwa mawa. Pamadutsa miyezi ingapo imene imalembedwa m'mgwirizano, ngakhale kuti imfa ya ngozi kawirikawiri imatetezedwa kuyambira pachiyambi. Cholinga chake n'choti anthu asamalembetse wodwala amene ali kale pamphasa. Wachiwiri ndi kudumphitsa malipiro. Mukasiya kulipira kupitirira masiku okhululukidwa, chitetezo chimafa, ndipo zaka zonse zimene munalipira sizikuwomboleni. Amene amadulidwa pa malipiro aziyang'ana payslip mwezi uliwonse, chifukwa ngongole zikachuluka kudulako kumatha kuima mwiniwake osadziwa. Mukapuma pa ntchito, funsani mmene muzilipirira.

Wachitatu ndi wa maina, ndipo umatikhudza kwambiri ife chifukwa cha mmene mabanja athu alili. Kwa ife mwana wa mlongo wako ndi mwana wako, ndipo agogo amene anakulera ndi kholo. Kampani imadziwa okhawo amene analembedwa pa fomu, ndi maina ndi masiku obadwa ofanana ndi a pa NRC. Mdzukulu amene mwamulera kuyambira ali wakhanda akamwalira koma sanalembedwe, palibe malipiro. Makolo okalamba amakhala ndi malire a zaka. Ngati mayi amadziwika ndi dzina lina m'mudzi pamene pa NRC pali lina, lembani la pa NRC. Lembaninso momveka munthu wodzalandira ndalama inu mukadzamwalira, ndipo musinthe dzinalo ukwati ukatha kapena wolembedwayo akatsogola. Popanda dzina, ndalama zimatha kulowa m'chuma chamasiye, chimene lamulo la mu 1989 limagawa motere munthu akafa osasiya wilu: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Kugawa kumeneko kumatenga nthawi, ndipo tonse tikudziwa mikangano imene imabuka.

Imfa ya kumudzi imafunanso mapepala. Munthu akamwalirira kunyumba n'kuikidwa mawa lake popanda kalata ya amfumu, lipoti la apolisi kapena la kuchipatala, banja limadzavutika kutsimikizira kampani kuti munthuyo anamwaliradi. Pakati pa chisoni, pakhale mmodzi woganizira zimenezi.

Pa mafunso a zaumoyo nenani zoona. Ngati muli ndi shuga, BP kapena matenda ena ndipo fomu ikufunsa, lembani. Ejenti akanena kuti ingosiyani pamenepo, musalole, ndipo musasaine fomu imene wina adzadzaze pambuyo. Kampani ikadzapeza kuti munabisa, ili ndi mphamvu yokana kulipira, ndipo odzavutika ndi ana anu inu kulibe.

Ngongole zambiri za kubanki ndi za makampani okongoza zimakhala ndi inshuwalansi yoti wokongola akamwalira, yotsala ilipidwe. Amasiye ambiri sadziwa, amapitiriza kubweza kapena kugulitsa ng'ombe. Wokongola akamwalira, pitani ndi chikalata cha imfa mukafunse ngati ngongoleyo inali ndi inshuwalansi, ndipo akuyankheni polemba.

Wa sitolo asachepetse mtengo

Amalonda a ku Down Shops m'Chipata ndi ena onse osunga katundu wambiri amakonda kutchula mtengo wochepa kuti azilipira pang'ono. Migwirizano yambiri ya moto ili ndi chiganizo chimene chimabwezera zimenezi. Katundu wa K100,000 mukamulembetsa pa K50,000, mwateteza theka lokha. Moto ukawononga wa K40,000, kampani ipereka K20,000, ngakhale kuti K40,000 sinafike pa K50,000 imene munalemba. Adzafunanso umboni wa katundu amene anali m'sitolo, choncho mabuku ndi malisiti asamagone m'sitolo momwemo. Ajambuleni pa foni.

Kampani ikakana kapena ikazengereza

Yambirani ku kampani komweko, ndipo yambani polemba. Kuyenda ku ofesi mobwerezabwereza n'kumauzidwa kuti bwerani sabata yamawa sikusiya umboni uliwonse. Lembani kalata yokhala ndi deti, nambala ya mgwirizano wanu, chimene chinachitika ndi chimene mukufuna. Akudindireni pa kope lanu kuti alandira. Akakana kulipira, apempheni kuti alembe chifukwa chake ndi kutchula chiganizo cha m'mgwirizano chimene akuimirapo. Nthawi zambiri apa pokha nkhani imasintha, chifukwa kukana pakamwa n'kosavuta koma kukana polemba kumafuna chifukwa chenicheni.

Mukapanda kukhutira, kapena akangokhala chete, tumizani dandaulo ku PIA. Simufunika loya. Phatikizani makope a mgwirizano, malisiti, makalata onse amene mwalemberana ndi kampani, ndi malipoti a apolisi kapena a kuchipatala. Mapepala enieni sungani nokha. PIA imafunsa kampaniyo kuti ifotokoze, ndipo ili ndi mphamvu pa laisensi yake, n'chifukwa chake kalata yochokera kumeneko siinyalanyazidwa ngati ya munthu wamba. Pa nkhani za kunamizidwa pogula palinso bungwe la CCPC loteteza ogula, ndipo khoti limakhalabe lotseguka.

Koma PIA singalembe mgwirizano watsopano m'malo mwa umene munasaina. Ngati pepala likuti kusefukira kwa madzi sikutetezedwa, kapena munasiyadi kulipira, bungweli silingakakamize kampani kupereka chifukwa cha chifundo. Kumene limathandiza kwenikweni ndi pamene kampani ikuzengereza popanda chifukwa, ikupotoza tanthauzo la chiganizo, ikudula ndalama pa payslip ya munthu amene sanavomere, kapena ejenti anadya ndalama.

Pano pali chinthu chimene makampani ndi PIA yomwe ayenera kukonza. Migwirizano imalembedwa m'Chingerezi cha maloya, pa tizilembo ting'onoting'ono, pamene ogula ambiri a ku Chadiza, ku Sinda ndi ku Lundazi amaganiza ndi kuwerengera ndalama zawo m'Chinyanja, m'Chinsenga kapena m'Chitumbuka. Lusaka, kumene kuli likulu la PIA, ali pa mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Chipata. Lamulo la mu 2021 linatsegula njira ya inshuwalansi zing'onozing'ono za anthu opeza pang'ono, ndipo n'zabwino, koma kugulitsa chinthu kwa munthu amene sangathe kuwerenga malire ake ndi kumuika pangozi ina. Pamene tikudikira kuti zimenezi zisinthe, muli ndi ufulu wotenga pepalalo kupita nalo kunyumba musanasaine. Pezani mphunzitsi, mlembi wa mpingo kapena mwana wanu wa ku sekondale akuwerengereni, ndipo ayambire pa mbali imene yalemba zinthu zimene kampani sidzalipira. Chilichonse chimene ejenti walonjeza koma pa pepala palibe, muuzeni akusonyezeni tsamba lake, ndipo akalephera, pemphani kuti kampaniyo ichilembe pa kalata yokhala ndi chidindo chake.